Seva Yolemedwa ya Mabasi a Chagunda

Ana inu mukukula ndi foni m'manja, ndipo mwina mumayesa kuti miyambi idatsalira kumudzi pamodzi ndi mitondo ndi malichero. Si choncho. Mwambi umabadwa paliponse pamene anthu akudziwa choona koma chikuwalemera pakamwa. Pali mwambi wina umene mumaumva kawirikawiri, umene anthu a tawuni ina ya m'mbali mwa msewu wa ku Kasungu amati udatulukira pakhomo pa a Chagunda, eni mabasi. Khalani pansi muimve nkhani yake.

Bambo Chagunda adamwalira atasiya mabasi angapo, depoti, ndi nyumba yaikulu kuseri kwa depotiyo. Zonsezi zidatsala m'manja mwa akazi awo, a Nambewe, mothandizana ndi mlongo wawo a Zakeyu, amene adali mwini mbumba. A Nambewe adabereka ana atatu. Wachisamba adali dalaivala, ndipo adafera pa ngozi ya basi ya kampani yomweyo. Tsiku limene uthengawo udafika, mayiyo adagwa, nadzuka mkono umodzi utafooka. Wachiwiri adali Ndaziona. Mzime adali Fanuwelo, munthu wa ndevu zake ndithu, koma kwa mayi ake adali adakali khanda. Adaphunzirako za makompyuta koma adasiyira panjira.

Ndaziona adakwatiwa ndi Yotamu Kachingwe wa ku Ntchisi, amene za makompyutazo adazimaliza ku koleji. Yotamu adalowa chikamwini, namanga nyumba yake m'mphepete mwa mpanda. Anthu ambiri a m'tawuni adasiya kale mwambo wothawana ndi apongozi, koma a Nambewe adaugwiritsa. Yotamu sankalowa m'nyumba yaikulu ija. Akaona apongozi akubwera, ankapatuka. Mawu ake opita kwa iwo ankadzera mwa Ndaziona, ndipo mawu awo ankabwerera njira yomweyo. Iye sadaone chovuta. Ankati ulemu suthyola munthu msana.

Ntchito ya Yotamu idali yosamala seva. Imeneyi idali kompyuta yaikulu yokhala m'kachipinda kuseri kwa zenera logulitsira matikiti, ndipo inkasenza akatundu awiri. Woyamba udali webusayiti, pamene anthu ankagulira matikiti pa foni. Wachiwiri udali databesi, ndiyo nkhokwe yosungira mpando uliwonse, dzina lililonse ndi ulendo uliwonse kuyambira pamene kampani idasiya matikiti a pamanja. M'nkhokwe yomweyo munkalowanso mauthenga ochokera ku timakina ta m'mabasi, tonena pamene basi iliyonse yafika.

Pa zenera lija pankakhala Filesi, mayi wa ana atatu amene mwamuna wake adapita ku Joni osamvekanso. Adakhala pamenepo zaka zambiri, mpaka ankadziwa kuti agogo akuti amasanza akakhala kumbuyo, ndipo bambo akuti amafuna mpando wa pakhomo chifukwa cha mwendo. Ana ake ankadya zenera limenelo.

Mvula itangokata, seva idayamba kulemedwa. Siidali nyengo ya Khirisimasi, ndiponso sukulu zidali zitatsegulira kale. Tsamba limene linkatseguka munthu asanaphethire lidayamba kungozungulira. Timafani ta m'kati mwa seva tinkalira ngati chigayo. Munthu akalipira, tsamba linkaima, iye nkudinanso, mpando umodzi nkugulitsidwa kwa anthu awiri. Pakhomo pa basi padayamba kubuka ndewu. Tsiku lina mayi wina wopita ku maliro a mchemwali wake ku Mzimba adatsitsidwa chifukwa wina adali atakhala kale pa mpando wake, ndipo basi idali itadzaza. Adakhala pa chikwama chake pakati pa depoti, nalira maliro aja pomwepo, anthu akuona.

Yotamu adayamba monga ayambira mmisiri aliyense. Adaona ngati ogula achuluka, koma adali omwe aja a masiku onse. Adaganiza kuti mwina akuba a pa intaneti akuithira seva mafunso onama kuti itope, natsekera maadiresi onse achilendo. Sipadasinthe kanthu. Adaizimitsa nkuyatsanso. Idapuma pang'ono, kenaka idayambiranso kubuula. Adauza a Zakeyu kuti mwina memore yachepa, a Zakeyu nagula ina monyinyirika. Seva idameza memore yatsopanoyo ngati njovu yameza nthudza.

"Akamwini," adatero a Zakeyu atayima pakhomo pa kachipinda kaja, "paja munati mankhwala ndi amenewa. Nanga wodwala uja akubuulabe bwanji?"

"Ndikufufuza, amalume."

"Kufufuza mukufufuza, ife tikumva. Koma anthu akukwera mabasi a anzathu. Kodi ku kolejiko ankakuphunzitsani kufufuza kokha, kupeza ayi?"

Mawu amenewa adamulasa Yotamu. Mkamwini amadziwa kuti pakhomo pa eni amalemekezedwa ndi ntchito ya manja ake, ndipo ntchitoyo ikalephereka amatsala mlendo wongodya.

Adakhala pansi nayang'anitsitsa, ndipo pang'onopang'ono adayamba kuona. Webusayiti idalibe mlandu. Inkangodikira. Chimene chinkatuluka thukuta idali nkhokwe ija. Atasuzumira mafunso amene nkhokweyo inkayankha, adapeza funso limodzi lalitali likubwerezabwereza. Funsolo linkauza nkhokwe kuti ivundukule maulendo onse ndi matikiti onse kuyambira pachiyambi, iwasanje, kenaka inene pamene basi iliyonse ili ndi anthu amene yanyamula. Zidali ngati munthu wofuna chitsononkho chimodzi akulamula kuti chimanga chonse chitsitsidwe m'nkhokwe, ndipo chisanabwezeredwe, walamulanso. Funso lisanayankhidwe, linzake linkakhala litafika kale. Mafunsowo ankaunjikana, ndipo wogula tikiti ankaima kumbuyo kwa mzere umenewo.

Tsono wofunsayo adali yani? Adiresi idali ya pa depoti pomwepo. Koma makompyuta onse a pamalopo ankatulukira pa adiresi imodzi, monga anthu a mudzi wonse amalandirira makalata pa bokosi la sukulu. Chidatsala ndi dzina la akaunti, ndipo dzinalo lidali la Filesi.

Yotamu sadathamange. Adayang'ana nthawi. Mafunso aja ankayamba m'mawa basi yoyamba ikamanyamuka, naleka madzulo yomaliza ikalowa, ndipo zimenezi ndi nthawi zomwe zenera linkatsegulidwa ndi kutsekedwa. Lachinayi masana ankaleka ndithu, seva nkupuma. Lachinayi masana ndi pamene Filesi ankavala yunifomu yake yoyera kupita ku Mvano.

Adapita pa kompyuta ya Filesi naisanthula yonse. Sadapezemo kanthu. Apa ndi pamene akadayenera kuima. Adayendanso makompyuta onse a pa depoti, natsata waya uliwonse. Waya umodzi wokha sadautsate, umene unkaboola mpanda kupita ku nyumba yaikulu. Ankaudziwa, poti adaukoka yekha kuti apongozi azilankhula ndi abale a kunja pa foni. Koma mkamwini safunsa za m'chipinda cha apongozi, ndipo ngakhale m'maganizo mwake phazi lake linkaima pa mpandapo.

A Zakeyu atabweranso, Fanuwelo ali pambuyo pawo, Yotamu adati, "Mafunso akulowera pa dzina la Filesi, koma pa kompyuta yake sindinapeze..."

"Filesi?" adadula Fanuwelo. "Paja mlongo wake ndi kondakitala kwa anzathu aja. Ndiye kuti akukoka maina a makasitomala athu onse nkumapereka. Mukuti simunapeze kanthu? Alamu, wakuba wochenjera sasiya phazi. Akuchitira pa foni."

Liwu lija lakuti "koma" palibe adalitola. Yotamu akadatha kulibwereza mokweza. Sadatero, chifukwa kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri a Zakeyu adamuyang'ana ngati munthu.

Adamuitana Filesi masana omwewo. Yotamu ndiye adafunsa.

"Achemwali, pasiwedi yanu munapatsako munthu?"

Lamulo loletsa kupatsana pasiwedi adaika ndi Yotamu yemweyo, ndipo chilango chake chidali kuchotsedwa ntchito. Filesi adayang'ana anthu atatuwo mmodzimmodzi, kenaka adayang'ana pansi.

"Ayi, achimwene."

"Ndiye kuti ndinu."

"Ine makina anuwo ndimangodziwa pogulitsira tikiti. Zovundukula nkhokwezo ndingazidziwire kuti?"

"Mlongo wanu adzakufotokozerani," adatero Fanuwelo.

Filesi sadalire. Adatenga chitenje chake ndi kapu yake ya tiyi, natuluka kudzera pakati pa anthu odikira basi. Dzuwa lisanalowe, tawuni yonse idali itamva kuti mayi wa pa zenera la a Chagunda adali kazitape.

Yotamu adatseka akaunti ya Filesi. Nthawi yomweyo timafani tija tidatonthola. Masamba adayamba kutseguka ngati kale. A Zakeyu adamugwira dzanja ndi manja awiri, nati, "Tsopano tadziwa kuti mwana wathu adakwatiwa ndi mwamuna." Yotamu adapita kunyumba wopepuka, ndipo kakayikiro kamene kadali mumtima adakapondereza.

M'mawa mwake Ndaziona adabwera kuchokera ku nyumba yaikulu ndi mbale ya phala yosakhudzidwa.

"Amayi akana kudya," adatero. "Akuti kanema wawo wazima chidzulo."

"Magetsi alipo. Kanema angazime bwanji?"

"Si wa nyimbo uja ayi. Uja wa mabasi, amene Fanuwelo adawaikira kuchipinda."

Yotamu adaika supuni pansi. "Wa mabasi?"

"Kodi sindidakuuzeni? Amaonetsa msewu, mabasi athu ali timadontho tikuyenda, ndi anthu amene ali m'katimo. Adawapangira titangomanga chiliza cha achimwene. Chiyambire amayi amadya bwino. Amayatsa basi yoyamba ikamanyamuka, sazimitsa mpaka yomaliza italowa."

"Nanga Lachinayi?"

"Akamapita ku Mvano amazimitsa pakhoma, amati ungapse nyumba. Bwanji kodi? Mwatuwa."

Chiliza chidamangidwa mvula itangokata. Ndi nthawi yomweyo imene seva idayamba kulemedwa.

Sadafunikire kukamusaka Fanuwelo. Adabwera yekha ku kachipinda ka seva, akuseweretsa makiyi a galimoto.

"Alamu, tanditsegulireniko akaunti ina. Kanthu kakang'ono chabe."

"Ya kanema wa amayi?"

Makiyi adaleka kulira.

"Munalowetsa pa dzina la Filesi," adatero Yotamu. "Chifukwa chiyani?"

"Ndikadabwera kwa inu mukadandifunsa mafunso ngati apolisi. Ndani walemba, wayesa kuti, bwanji osadikira. Amayi ankafota, alamu. Inu simulowa muja, simudawaone. Ine ndidawaona. Ndidangopempha Filesi, iye nkundipatsa."

"Ndipo seva itayamba kulira munadziwa."

"Ndinkakayika."

"Munadziwa. Dzulo munayima apa nkumutcha mayi uja kazitape, mukudziwa."

Fanuwelo adakweza mapewa. "Amene adatchula dzina lake ndinu. Ine ndidangovomera. Ndipo pasiwedi adaperekadi, lamulo lanu lomwe likumuchotsa. Musandiyang'ane choncho. Tsegulani akaunti, amayi adye."

Chowawa chidali chakuti m'mawu a Fanuwelo mudali choona. Kanemayo adamupanga chifukwa cha chikondi, ngakhale adamupanga mosasamala. Dzina adatchuladi ndi Yotamu. Koma kugwa ndi kwina, kukankhira mnzako m'dzenje limene wakumba wekha ndi kwinanso.

Yotamu adafotokozera mkazi wake zonse. Ndaziona adalira, chifukwa Filesi ndi amene adamuchezera kuchipatala pobereka mwana woyamba. Koma atapukuta misozi adati, "Amayi adagwa kale kamodzi. Adokotala adati kachiwiri sadzadzuka. Mukufuna muwauze kuti mayi uja adalirira maliro pa depoti chifukwa cha iwo?"

"Ndikufuna Filesi abwerere pa zenera."

"Inenso. Koma njira yake ndi iti yosadzera pa amayi?"

Yotamu adapita kwa a Zakeyu, monga mwambo ufunira. Mkuluyo adamva zonse osadula, akupukusa mutu.

"Tingonena kuti makina ndiwo adalakwa," adatero Yotamu. "Filesi abwerere, nkhani ithe."

"Mlongo wangayo ndi wofooka mkono, si wofooka mutu," adayankha a Zakeyu. "Aliyense adaona kuti makina adachira ola lomwe mudatseka dzina la Filesi. Iyenso adaona kuti kanema wake adazima ola lomwelo. Lero sadalumikize chifukwa akukhulupirira kuti wakuba adapezeka. Mukangoti Filesi alibe mlandu, afunsa kuti nanga ndani. Mumuyankha chiyani?"

"Choona, amalume."

A Zakeyu adamuyang'ana nthawi yaitali. "Chabwino. Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi mubwere pakhonde. Mukanene nokha choonacho."

Lamulungu masana adasonkhana pakhonde pa nyumba yaikulu. Yotamu adakhala pa kampando kumapeto, pafupi ndi masitepe, pamene pamathera malire a mkamwini. A Nambewe adakhala pa mphasa m'kati mwa chitseko, atatembenukira kumbali. Fanuwelo adakhala pansi pafupi nawo, akuwasisita mkono wofooka uja ndi mafuta. Ndaziona adakhala pakati, kuti mawu adzere mwa iye.

Yotamu asanatsegule pakamwa, a Nambewe adayamba.

"Ndaziona, uwathokoze amuna akowo. Atichotsera njoka m'nyumba. Ine Filesi ndinkamuyesa mwana wanga. Lachinayi lililonse tinkayendera limodzi, akundinyamulira Baibulo. Kani mumtima muli zina." Adapuma pang'ono. "Mayi uja wa ku Mzimba sindigona naye tulo. Ine ndidaika mwana wanga ndi manja anga, ndikudziwa. Munthu kulephera kuponya dothi pa m'bale wake! Amene adachititsa zimenezo, Mulungu amuone."

Ndaziona adaweramitsa mutu. Sadabwereze mawuwo, poti onse adamva.

"Uwauzenso," adapitiriza mayiyo, "kuti andikonzere kanema wanga. Iwo aziti ndi zoseweretsa za nkhalamba. Koma tsiku lija mwana wanga ankafa pa msewu ine ndikusenda mbatata, osadziwa kanthu. Tsopano ndimawaona onse. Kadontho kalikonse ndi ana a anthu. Kakaima, ndimapemphera mpaka kayende. Chiyambire kuyang'ana, sipadagwe basi ndi imodzi yomwe."

Yotamu adakumbukira Filesi akutuluka ndi kapu yake ya tiyi.

"Auzeni amayi," adatero, "kuti nkhani ya Filesi sinathe. Pali zimene ndapeza."

Fanuwelo sadaleke kusisita. Adadzutsa maso okha, nati mofatsa, "Nenani, alamu. Nenani zonse. Muyambire pa kanema, amayi amve bwino."

"Kanema watani?" adafunsa a Nambewe, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiwire mwana wawo adatembenuka kumuyang'ana mkamwini kumaso. Milomo yawo idali itayamba kugwedera mbali imodzi.

Yotamu adaona nkhope ya mayiyo, adaona dzanja la Fanuwelo litagwira mkono wawo, adaona Ndaziona atagwira pakamwa. Adazindikira kuti palibe mawu amene angafike pa Fanuwelo osayamba apyoza mayi ake.

A Zakeyu adadzuka. "Akamwini, tabwerani mundithandize kuona tayala la galimoto."

Atafika kuseri kwa nyumba, mkuluyo adalankhula motsitsa mawu.

"Mwamuona pamene wakhala?"

"Ndamuona."

"Ine ndikumudziwa kuposa inu. Ndikadakonda kumuthyola khosi. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mukaponya mwala, iye adumpha, mkhate ndiwo usweka. Ndipo mkhatewo ndi mlongo wanga, mayi wa mkazi wanu. Ukasweka, inu mudzakhala mkamwini amene adapha apongozi ndi pakamwa. Ana anu adzakula akumva zimenezo."

"Nanga Filesi, amalume?"

A Zakeyu adayang'ana kumbali. "Filesi si wa mbumba yanga."

Adabwerera pakhonde. Yotamu adakhala pa kampando kake, nayang'ana pansi.

"Auzeni amayi kuti kanema alibe vuto," adatero. "Ayaka mawa."

Ndipo adayakadi. Kukonza kwake sikudatenge ngakhale m'mawa wonse. Yotamu adalembanso funso lija kuti lizifunsa za mabasi a tsiku lomwelo okha, ndiponso kuti yankho likapezeka lizisungidwa kanthawi m'malo movundukula nkhokwe mphindi iliyonse. Adatsegulira kanemayo akaunti yakeyake. Seva siidabuulenso. A Nambewe adayambiranso kudya. Ndipo tsiku lililonse limene makina ankayenda bwino linkakhala umboni watsopano kwa anthu a m'tawuni kuti Filesi adalidi wolakwa.

Patapita masiku, Yotamu adamupeza Filesi kumsika, atayala tomato pa thumba. Kwa eni mabasi ena aja adakapempha ntchito, koma adamuuza kuti wogulitsa zinsinsi za abwana ake akhoza kugulitsanso zawo. Ku Mvano adasiya kupita. Mwana wake wamkulu adali atabwerako ku sukulu yogonera konko.

Yotamu adanjuta pafupi, namuuza zonse, osabisa mbali yake.

Filesi adamvetsera akusanja tomato. "Ndinkadziwa kuti ndi a Fanuwelo," adatero. "Chimene sindinkadziwa ndi chakuti akuchita nayo chiyani."

"Bwanji simudanene tsiku lija?"

"Pamaso pawo? Mwana wa abwana akapempha, umakana? Ndipo ndikadati ndidapereka, lamulo lanu lija likadandisiya? Kulikonse kudali phompho, achimwene. Ndidasankha kugwa chete."

"Ndikuthandizani kupeza ntchito ku Lilongwe. Ndili ndi anzanga."

"Mundithandize, ndikana bwanji, ana akufuna kudya. Koma dzina langa lili kuno. Mungapite pa depoti nkuima pamene ndidatulukira paja, nkunena mokweza zimene mwandinong'oneza pano?"

Yotamu adaweramitsa mutu, nayang'ana tomato uja.

"Basi," adatero Filesi. "A Zakeyu akuti khoswe sapheka, ndamva kale, nkhani siigona. Koma mwala mudaponya ndithu. Kungoti mudayang'ana kaye amene alibe mkhate wokhalapo. Tomato mugula, kapena mukunditchingira makasitomala?"

Mawu a a Zakeyu aja adatuluka kuseri kwa nyumba, nayenda m'tawuni monse, mpaka adasanduka mwambi umene tikuunena lero: Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Mkhate ndi mbiya yaikulu yadothi. Kuumba kwake nkovuta, kusweka kwake nkosavuta, ndipo ukasweka sulumikizika. Khoswe akakwera pamenepo, mwini nyumba amaima ndi chibonga m'manja osamenya, chifukwa akudziwa kuti chimene ataye chiposa chimene aphe. Mwambiwu umanenedwa pamene wolakwa akudziwika bwinobwino, koma watsamira pa munthu kapena chinthu chimene sitingapirire kuchiwononga: kholo, ukwati, ubale, mtendere wa pakhomo.

Ena amaumva ngati malangizo a nzeru, ndipo salakwa. A Zakeyu sadali munthu woipa. Adateteza mayi wosalakwa amene choona chikadamupha, ndipo aliyense amene adaikapo kholo lake sangawaweruze msanga. Si choona chilichonse chimene chiyenera kuponyedwa nthawi iliyonse, ndipo munthu amene amaswa mbiya zonse za m'nyumba pofuna khoswe mmodzi sitimutcha wolungama.

Koma mwambiwu sukuyamikira khoswe, ndiponso sukunena kuti nkhani yatha bwino. Ukungonena mmene zinthu zimakhalira, ndipo umanenedwa ndi mtima wowawa. Khoswe amene waona kuti pamkhate samenyedwa sachokapo. Fanuwelo adakalamba akudziwa pokhala. Yotamu adapeza chimene chinkalemetsa seva, naichiritsa, koma kulemerako kudangosamukira mumtima mwake, poti adalakwa kawiri: adatchula dzina asanatsate waya womaliza, ndipo atadziwa choona adachimeza. Kulakwa kwachiwiri mwina sakadakuthawa. Koyamba kuja akadakuthawa.

Tsono inu amene mudzafufuze zovuta, kaya za makina kaya za anthu, musatchule dzina la munthu pamene pali khomo limodzi limene mwaopa kugogoda. Ndipo tsiku limene mudzatsitse chibonga chifukwa cha mkhate, mudzayambe mwafunsa kuti mtendere umenewo akuulipira ndani. Kawirikawiri amakhala munthu amene sadaitanidwe nkomwe pakhonde.